Magalasi a Bambo Chimbalanga

Mpaka lero ndikamapita kumsika wa pa Lisungwi ndimazungulira kuseri kwa chigayo, kanjira kaminga, kuopa kudutsa pagolosale ina yake. Pakhonde pa golosaleyo pamakonda kukhala bambo ena amene ndinawalakwira, ndipo chondipweteka kwambiri n'chakuti sanandilalatireko ngakhale kamodzi. Akanangondiwaza khofi tsiku lomwelo, bwenzi pano ndikuyenda pamsewu ngati anthu ena onse.

Ine ndimayang'anira laibulale ya m'dera lathu lino. Ndikati laibulale musaganize za nyumba yosanja ayi. Ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa sukulu, mashelefu angapo, mabenchi awiri, ndi mileme kudenga imene imawerenga nawo osalembetsa. Mabuku anatipatsa ndi akufuna kwabwino, ndipo komiti ya m'mudzi inasankha ine chifukwa ndinafika Fomu 4 komanso ati ndine womasuka ndi anthu. (Mkazi wanga amati "womasuka" ndi mawu aulemu chabe. Iye amati pakamwa panga amisiri anaiwala kuikapo chitseko.)

Tsiku londipatsa kiyi kunabwera mayi wina kudzatiphunzitsa kasamalidwe ka mabuku. Anabwereza kangapo kuti buku lomwe munthu wabwereka ndi nkhani ya iye ndi ine basi, osauza mwamuna wake, abusa ake, ngakhale amfumu. Ndinagwedeza mutu mwamphamvu ngati ndamva, koma mumtima ndinkati, kodi kuno ndi kuchipatala? Buku ndi buku, chobisa n'chiyani pamenepa?

Tsopano ndikuuzeni za a Chimbalanga. Ndi mkulu wa mpingo wathu, mlimi wa mbuzi, wamtali, wosasiyana ndi jekete ngakhale m'Okutobala. Nyimbo zonse za m'buku amazidziwa ndi manambala omwe, mavesi amangowakhuthula osapunthwa. Koma mukawapatsa pepala kuti awerenge, amasisita matumba onse a jekete n'kunena kuti, "Aa, magalasi aja ndawaiwala." Tonse tinazolowera. Mwana wawo amene ali ku Joni anafika powatumizira magalasi enieni, a m'kabokosi. Nawonso ankaiwalidwa Lamulungu lililonse.

Lachitatu lina masana, ana asukulu atabalalika, a Chimbalanga analowa mulaibulale n'kutseka chitseko okha.

"Mwana wanga, muli nokha?"

"Ndili ndekha, bambo."

"Ndikufuna buku lija ana amayambira sukulu."

"Oo, la adzukulu?"

Anakhala pabenchi n'kuvula chipewa.

"Adzukulu anga onse ali ku Joni, inunso mukudziwa. N'langa."

Iwo anatulutsa kafoni kamabatani n'kukaika patebulo. Anati kuimba kuchokera ku Joni n'kovuta, ndipo netiweki ya kwathu kuno imabwera ikafuna, choncho mwana wawo amangolemba mauthenga. Uthenga ukalowa, iwo amanyamula foni ulendo wa kugolosale ya a Jafali, n'kukanena za magalasi zija, a Jafali n'kuwawerengera.

"A Jafali ndi munthu wabwino," anatero, "koma amawerenga ngati akuitana ogula. Mwana wanga atagwidwa ku Joni chifukwa cha mapepala, ndinamvera limodzi ndi amayi amene ankagula mchere. Mmene ndinkafika kunyumba, mudzi wonse unali utandipepesa kale. Ine ndikufuna ndisanafe ndiziwerenga ndekha zomwe mwana wanga wandilembera. Zokoma kaya zoipa, ndizimva ndekha kaye."

Abale, misozi inalengeza m'maso mwangamu. Ndinadzigunda pachifuwa n'kunena kuti, "Bambo, nkhani imeneyi yafera muno." (Mawu amenewa muwasunge, muwafuna kutsogoloku.)

Tinayamba sukulu yathu ya anthu awiri. Lachitatu lililonse ankabwera ngati akudzaona za komiti, tinkatseka chitseko n'kuyamba a, e, i, o, u. Chala chawo chokhakhala chija chinkayenda pansi pa zilembo pang'onopang'ono, thukuta kamukamu ngati akugalauza. Ankanditcha "aphunzitsi", ine wa msinkhu wa mwana wawo, ndipo ndikamva choncho mutu unkakula. Choyamba kuphunzira chinali dzina lawo. Buku ankalikulunga m'kajumbo kakuda n'kulilowetsa m'thumba la m'kati mwa jekete, n'kumakaliwerengera kubusa, komwe mboni zake ndi mbuzi. Ndinalilemba m'kaundula monga mwa lamulo, koma ndinawauza kuti alisunge mpaka amalize.

Chinsinsicho ndinachisunga miyezi ndithu, ndipo pamenepa pokha mundiombereko m'manja. Kusunga chinsinsi kumayabwa, inu. Kutchalitchi akayamba kusisita matumba, ine ndinkangoluma mlomo.

Mavuto anabwera ndi uthenga woti akufuna kwabwino aja akubwera kudzaona mabuku awo. Wapampando wa komiti atasuzumira mulaibulale anapeza mashelefu ali magwerugweru ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Anthu a kwathu kubwereka amabwereka bwino, koma kubweza ndi nkhani ina.

"Mabuku onse abwerere alendo asanafike," anatero wapampando. "Apo ayi, kiyi ameneyu tipatsa wina."

Ndinayamba mwaulemu. Ndinamata chidziwitso pachitseko, koma amene sanabweze buku sayandikira chitseko cha laibulale, ndiye chinawerengedwa ndi chiswe chokha. Kenako ndinatuma wakabaza kuti azikumbutsa anthu akamawanyamula. Anandibweretsera buku limodzi lopanda chikuto ndi moni wochuluka.

Pamenepo ndinakumbukira njira yomwe sigwa pansi kwathu kuno, zolengeza za kutchalitchi. Mbuzi ikasowa, mjigo ukawonongeka, tsiku la sikelo likasintha, zonse zimamvekera kumeneko, mapemphero akatsala pang'ono kutha. Lamulungu loyamba alembi a mpingo analengeza kuti onse amene ali ndi mabuku a laibulale abweze. Anthu anavomera "eya" mogwirizana bwino, aliyense akuyang'ana mnzake. Sabata yonse sikunabwere buku ngakhale limodzi.

Ndinapsa mtima. Ndinati anthu awa akufuna kumva mayina awo. Kenako nzeru zina zinandinong'oneza kuti mayina okha sakwanira, ena adzanamizira kuiwala, ndilembe ndi buku lomwe aliyense anatenga. Loweruka madzulo ndinakhala pakhonde ndi kaundula pamiyendo, wailesi ili pambali ikuulutsa mpira, n'kuyamba kukopera aliyense amene tsiku lake lobwezera linadutsa. Dzanja linkalemba, mutu uli kubwalo la zamasewero.

Mkazi wanga anasuzumira akupeta mpunga. "Kodi eni mayinawo mwawafunsa?"

"Mayi, izi ndi za ofesi, simungazimve."

"Chabwino, abwana," anatero, n'kupitiriza kupeta. Mawu akuti "abwana" amenewo amandibwererabe m'makutu.

Lamulungu m'mawa ndinapinda pepala lija n'kupatsa dikoni wa pakhomo, ine n'kukakhala mbali ya amuna, mtima uli m'malo. Sindinadziwe kuti alembi apita kumaliro ku Matope. Mwambo wa mpingo wathu ndi wakuti alembi akachoka, zolengeza zimagwera mkulu amene akutsogolera tsikulo. Nthawi itakwana, ndinangoona amene akuimirira kutsogolo ndi a Chimbalanga.

Ngakhale pamenepo sindinatekeseke. Iwo anayamba ndi zolengeza zomwe anauzidwa pakamwa, za chigwirizano cha amayi ndi za kulambula kumanda, zonse pamtima monga mwa masiku onse. Kenako dikoni anawapatsira pepala langa n'kuwanong'oneza.

"Palinso pepala lochokera ku laibulale," analengeza motero, n'kulifunyulula.

Masiku onse akagwira pepala sankachedwa, ankangothamangira kumatumba. Tsiku limeneli analiyang'anitsitsa. Ndinaona chala chija chikutsika ndi mizere, kenako chinaima. Milomo yawo inayamba kugwedera pang'onopang'ono, monga inkachitira Lachitatu lililonse. Apo m'pamene ndinakumbukira mzere wina womwe dzanja langa linalemba nthawi yomwe wailesi inkakuwa chigoli.

Anadzutsa mutu n'kuyendetsa maso mbali ya amuna mpaka anandipeza. Sanakwinye nkhope. Anangondiyang'ana.

Munthu wina akanalipinda pepalalo n'kuliponya m'thumba, n'kunena kuti nthawi yatha. Koma a Chimbalanga ndi a mtundu uja wakuti pepala lopita kumpingo ndi la mpingo. Anasisita matumba, ndipo mawu anatuluka otsika kuposa masiku onse: "Magalasi aja ndawaiwala. Mayi Nambewe, tatithandizani."

Mayi Nambewe ndi wotsogolera kwaya. Mawu awo safuna chimkuzamawu, akayamba nyimbo amamveka kutsidya kwa mtsinje. Anaimirira, anakonza duku, anatsokomola pang'ono, n'kuyamba kuwerenga mosadumpha kanthu.

"Mayi Nasibeko, buku la kaphikidwe ka zakudya zabwino!"

Amuna awo a mayi Nasibeko, amene anakhala patsogolo panga, anati "Ameni" mokweza. Tchalitchi chonse chinafa nacho chiseko.

"A Dizimasi, buku la malamulo a malo!"

Chiseko chinachepa. Alamu awo a a Dizimasi, amene akhala akukangana nawo za malire a dimba, anatembenuza khosi pang'onopang'ono mpaka anawapeza. A Dizimasi anayamba kuwerenga malata a kudenga.

Anatchulidwa mnyamata wina wa kwaya ndi buku la nkhani zachikondi, atsikana n'kumatsinana. Anatchulidwa ena ndi ena. Ine thukuta linali litanyowetsa malaya, ndikupemphera kuti mphepo ibwere idzalande pepalalo, kaya njoka igwe kuchokera kudenga. Sikunagwe kanthu.

"A Chimbalanga," anatero mayi Nambewe, n'kuima pang'ono, n'kuyandikitsa pepala kumaso. "Buku la a, e, i, o, u. La Sitandade 1."

Munati zii. Ndiye mayi wina wachikulire kumbuyo ananena mokweza kuti, "N'la ana ilo, anabwerekera ana a m'mudzi." Ena anavomereza, "Eya, n'la ana." Mitu inayamba kugwedezeka, nkhani inkatha yokha. Ngakhale a Chimbalanga anayamba kumwetulira pang'ono. Mulungu anali atawatsegulira khomo lothawira, lalikulu bwino.

Amene anatseka khomolo ndi ine.

Musandifunse chomwe chinandigwira. M'makutu mwanga munkangolira, ndipo chomwe ndinkaganiza n'chakuti ndawaika bambo aulemu wawo m'gulu la osabweza mabuku, ndiyenera kuwayeretsa. Ndinangozindikira ndaimirira, dzanja lili m'mwamba ngati mwana wasukulu.

"Pepani akuluakulu, pepani mpingo. Dzina la a Chimbalanga lalowa molakwika. Iwo sanachedwe nalo bukulo ayi. Ndinawauza ndine kuti alisunge mpaka amalize. Ndipotu akuchita bwino zedi, pano akutha kulumikiza mawu okha, kwangotsala..."

Ndinalekezera pamenepo chifukwa ndinaona mkazi wanga, mbali ya amayi, ataphimba nkhope yonse ndi chitenje.

Bata lomwe linagwa silinali la mapemphero. Kenako wina kumbuyo ananong'ona, kunong'ona kuja komveka mpaka kumsewu: "Ndiye magalasi aja?" Anthu anayesetsa, ndiwachitire umboni. Ena analuma mipango, ena anawerama ngati akupemphera, koma mapewa ankagwedezeka mabenchi onse. Zaka zonse zija za magalasi zinagwa pansi nthawi imodzi, mwini wake ataima kutsogolo, nkhope kwa anthu, popanda pobisala.

A Chimbalanga anadikira mpaka phokoso litatsika. Anatchula nambala ya nyimbo yotsekera, osalakwitsa. Buku la nyimbo lomwe ankaligwira chotsegula Lamulungu lililonse analitseka n'kuliika patebulo, n'kuimba manja ali lende. Ine nyimboyo sindinaimbe nawo.

Kunyumba mkazi wanga sanandiyankhule mpaka madzulo. Atatsegula pakamwa anangoti, "Mayi achikulire aja anawaveka nsalu a Chimbalanga, inu n'kukawavula. Za ofesi zimenezo?" Kanali koyamba m'banja mwathu kuti ine ndisowe mawu.

Choseketsa, ngati n'choseketsa, n'chakuti njira yanga inagwira ntchito. Lolemba m'mawa ndinapeza mulu wa mabuku pakhomo pa laibulale, osiyidwa kusanache ngati ana otayidwa. Panalinso mabuku ena omwe sindinkadziwa kuti ndi athu. Alendo aja atafika anapeza mashelefu odzaza, anajambula zithunzi, wapampando n'kundigwira chanza pamaso pawo. Palibe anafunsa chifukwa chomwe mabenchi analibe munthu. Kwa milungu ingapo akuluakulu anasiyiratu kubwera. Ndani angabwereke buku kwa munthu wokalengeza kutchalitchi? A Dizimasi ndi alamu awo anakathera kubwalo la amfumu, ndipo mayi Nasibeko akandiona amalavula.

Lachitatu, nthawi yathu ija, a Chimbalanga anabwera. Chitseko sanatseke. Buku linali m'manja poyera, lopanda kajumbo, ndipo analiika patebulo bwinobwino.

"Buku lanu ili, bambo."

Bambo. Osatinso aphunzitsi. Ndinagwada pansi, fumbi lomwelo.

"Ndinalakwa, bambo. Ndinachita zopusa. Chonde litengeni, tipitirize. Ndizibwera ine kwanu, kaya kubusa komweko, palibe adzadziwe."

"Adzadziwe ndani winanso?" anafunsa mofatsa. "Watsala ndani?"

Anatembenuza chipewa m'manja, n'kunena mawu amene ndikanakonda akanawasinthanitsa ndi ndodo.

"Mukudziwa, papepala paja dzina langa ndinaliwerenga ndekha. Popanda wondilozera. Kanali koyamba kuliona litalembedwa ndi munthu wina, ine n'kulizindikira. Mtima unayamba wakondwa kaye. Kenako m'pamene ndinakumbukira pomwe ndaima."

Anavala chipewa n'kutuluka. Ndinatsala chogwada, mileme ikundiyang'ana.

Kuchokera tsiku limenelo sanatsogolerenso mapemphero. Palibe anawaletsa, abusa anawapempha kangapo, koma iwo amakhala benchi yakumbuyo pafupi ndi khomo. Jekete akuvalabe, koma matumba sasisitanso. Ana osamva akawaona ndi mbuzi amaimba "a, e, i, o, u" ali patali, ndipo nthawi iliyonse ndikamva ndimalakalaka nthaka itandimeza. Ndinapitako kwawo ndi nkhuku kukapepesa. Nkhuku analandira, anandipatsa mpando, tinakamba za mvula ndi za matenda a mbuzi. Nditatchula buku anaitana amayi akunyumba kuti andiperekeze.

Pano kaundula amakhala m'kabati yokiya, ndipo kiyi wake ndimamumangirira m'chiuno. Tsiku lina bambo wina anabwera kudzafunsa kuti mkazi wake amabwereka mabuku anji. Ndinamuuza kuti akafunse mwini wake. Anandinena kuti ndine wamwano, ine n'kumva kukoma. Anthu ayambanso kubwera pang'onopang'ono, ngakhale ena amayamba andilumbiritsa kaye. Mkazi wanga akuti ndaphunzira theka lokha, chifukwa munthu wophunziradi sakanakhala pansi kulembera dziko lonse nkhani yomweyi. Ndamuuza kuti mayina onse ndasintha. Iye wangoti, "Chabwino, abwana."

Buku lija sindinalibwezere pashelefu. Lili m'kabati momwemo, ndipo tsamba lomwe analekezera likadali lopindidwa pakona. Kunali kutatsala masamba ochepa, abale, ochepa kwambiri.

Mwezi wathawu ndinalimba mtima n'kudutsa pagolosale paja. Ndinawapeza atakhala pakhonde, kafoni kali m'manja, akudikira kuti ogula achepe. Pagalasi pa foniyo pankaoneka kuti palowa uthenga. Ndinapereka moni, anayankha mwaulemu wonse. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Bambo, bwanji tipite kuseriku ndikuwerengereni? Awiriwiri."

Anayang'ana foni, anayang'ana ine, n'kuilowetsa m'thumba la m'kati mwa jekete, muja munkakhala buku.

"Zikomo, bambo, ndidikira a Jafali," anatero. "Iwo aja amangowerengera ogula mchere. Inu mumawerengera mpingo."